Jekete la King'i ndi Mafuta a Batala

Ine sindinkafuna zambiri, abale anga, ndinkangofuna kuti jekete liwale basi. Kodi ndi mlandu umenewo? Mtonga kufuna kuwala ndi mlandu? Inu a kumwera mumatiseka kuti ife a ku Nkhata Bay timatha kugona ndi njala koma thalauza litasitidwa mpaka mzere wake kuthwa ngati lumo, ndipo sindikukana, ndi mmene tinabadwira. Ndiye khalani bwinobwino ndikuuzeni zimene kuwalako kunandichita, koma wina akayamba kuseka ndisanafike pakati ndisiyira pomwepo, ndikunenetsa.

Kwathu kuno ku Chintheche gule wa amuna ndi malipenga. Gulu la mudzi uliwonse timalitcha boma, ndipo lili ndi maudindo ngati a asilikali, pamwamba pali King'i, kenako Kaputeni amene amatsogolera mzere ndi ndodo, palinso Dokotala woyendera ukhondo wa ovina. Agogo athu anauona kwa azungu ku nkhondo mchitidwe umenewu, pobwera kuno nkuusandutsa gule, malipenga a mkuwa aja nkuwalowetsa m'malo ndi a mphonda. Koma boma la m'mudzi mwathu linali litafa. Chiyambireni matipate anyamata anangoona ngati zipata zatseguka, onse ulendo wa ku Joni, otsalawo nkumati malipenga ndi za madala, ng'oma yathu yaikulu mpaka makoswe anaberekeramo. Nanenso ku Joniko ndinakakhalako, musandiyang'ane choncho. Nditabwerako, Ada Longwe, King'i wathu, mkulu wa miyendo yotupa amene ngakhale ku tchalitchi amachita kumutengera pa njinga, anandiitanitsa nkundiuza kuti, "Fanuwelo, mwana wangu, ndisafe ndisanaonenso mzere wathu utaima pabwalo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinayenda khomo ndi khomo kunyengerera anyamata, ena kuwapeza kudooko akusoka maukonde, ena pa bawo, ndipo amene anavomera anavomera mokoka miyendo. Tinaphunzira chilimwe chonse, ine ndi amene anandisankha kukhala Kaputeni chifukwa choti ndili ndi mawu aakulu komanso ndimapsa mtima msanga, zimene pa malipenga zimathandiza. Kenako boma lina la kufupi ndi Bandawe linatiitana kuti tikavine pabwalo pawo. Jolamu, msodzi amene amaimba ng'oma yaikulu, anandiuziratu pamaso pa anzake onse: "Kaputeni, ife tayesa chifukwa cha adada aja. Koma tikakachita manyazi kumeneko, musadzatiyitanenso." Anzake onse anagwedeza mitu. Ndiye mukuona, ulendo unali umodzi womwewo, tikakhoza boma ladzuka, tikalakwa lafanso, ndipo Ada Longwe analibe zaka zodikira kuti lidzadzukenso kachitatu.

Sabata ya ulendoyo mkuluyo anandiitananso. Anandiuza kuti ndikoke sutikesi ya malata pansi pa bedi lake, ndipo nditatsegula, amangwetu, munali jekete lachikopa, lofiirira, la kolala ya ubweya wa nkhosa, zipi wake wamkuwa, matumba ake aakulu kutsogolo. Osati mapulasitiki a pa kaunjika amene amasupuka ukangowavala kawiri aja ayi, ili linali lolemera ngati wanyamula mwana wa mbuzi.

"Bambo anga anali wantchito wa ofesala wa Chingerezi pa nkhondo yachiwiri ija, kumapiri a ku Abisiniya," anatero Ada Longwe akulisisita. "Asilikali wamba ankapatsidwa jasi la bulangeti, loyabwa, lofanana aliyense. Koma lachikopa chonchi sankagawa ayi. Ofesala ankagula yekha ndi ndalama za m'thumba mwake, kutengera oyendetsa ndege, poti iwo m'mwambamo mphepo imaboola nsalu. Ndiye ukaona munthu wavala ili, usanawerenge nyota paphewa pake, unkangoima nkupereka sawatcha. Nkhondo itatha mzunguyo anawasiyira bambo, bambo anavina nalo, ine ndavina nalo. Loweruka uvale iwe, poti ine ndikakhala pampando."

Ndinagwada, misozi ili lengelenge.

"Koma tamvera," anatero. "Usalichape, usalisite, usaliyanike padzuwa. Ungolipukuta ndi kansalu kouma."

"Yewu, Ada," ndinathokoza m'Chitonga chathu, koma kunena zoona makutu anga anali atafika kale ku Bandawe, akumva nthungululu.

Kunyumba nditaliyang'ana bwino pa kuwala, mtima unatsika. Jekete linali louma gwa, lotuwa, m'zigongono muli ming'alu, ukalipinda likulira. Ine Kaputeni, kutsogolo kwa anyamata ovala zoyera mbee, nsapato zikuphethira, ndikaoneke ngati ndavala mlamba wowamba? Mkazi wanga Nyamhone anati, "Lili bwino momwemo, ukalamba wakewo ndiye ulemu wake." Ndinamuyankha kuti za usilikali azisiyire asilikali. Ndinathamangira ku golosale ya Che Saidi pa Chintheche kukafuna polishi, iwo nkundiuza kuti, "Kaputeni, anyamata anu omwe asesa yense dzulo, wakuda ndi wofiirira yemwe. Wotsala ndi woyera wa nsapato za tenesi, mutenga?" Ndinatuluka osatsanzika.

Panjira m'pamene nzeru zinandibwerera, ndipo mukamva munthu akuti nzeru zinandibwerera panjira muzimugwira. Ku Joni ndinagwirapo ganyu pa khola la mahatchi, ndipo ndinkaona ndi maso angawa akupaka mafuta pa zishalo kuti zifewe ndi kuwala. Mafuta amtundu wanji sindinafunse, ine ndinali wa fosholo. Koma ndinadziuza kuti mafuta ndi mafuta, chikopa ndi chikopa. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tsono Nyamhone ali ndi chizolowezi. Akaphika batala, nsomba yonona ija ya m'madzi akuya imene ukaiika pamoto imadzikazinga yokha, mafuta ake amawakhuthulira m'botolo kuti aziphikira chigwada. Botolo linali lodzaza mpaka m'khosi. Lachisanu m'mawa atapita kudambo kukavuula chinangwa chimene anaviika, ine ndinatenga botolo lija, kansanza, jekete, nkukhala kuseri kwa nyumba. Ndinati ndingodontheza pang'ono pa chigongono kuti ndione. Abale! Chikopa chinamwa mafuta aja nthawi yomweyo, ming'alu inatsekeka, mtundu unabwerera, pamalo paja pokha pankawala ngati pagwa dontho la uchi. Ndiye ndikanasiya bwanji chigongono chimodzi chikuwala chinzake chili mbuu? Ndinapaka chinacho. Kenako msana unayamba kuoneka wamasiye. Kenako matumba, kenako mapewa, kenako ndinabwereza ponseponse poti poyamba ndinali woumira, chakomachakoma pusi anagwa chagada, pamene ndinkadzidzimuka botolo linali litauma ndipo ndikuligwedezera pa kolala. Kuti mafuta alowerere bwino, ndinaliyanika padzuwa masana onse, dzuwa lomwe lija anandiletsa.

Ndikudziwa funso lanu. Fungo sunalimve? Inu, munthu wobadwira pa thandala la usipa, woyamwa mayi ake akusasa utaka, nsomba amaimva fungo? Mphuno zathu kuno zinasiya kale kulemba nsomba m'gulu la zonunkha. Nyamhone yekha ndiye akanandipulumutsa, koma ndinali nditalibisa kale jekete m'chikwama, ndipo nayenso anabwera kuchokera ku chinangwa chovunda mphuno zitatseka. Anangofunsa kuti, "Botolo langa la mafuta lapita kuti?" Ine nkukweza mawu: "Za m'khitchini ukufunsa Kaputeni? Mawa ndili ndi nkhondo ine!" Iye anangopitiriza kusinja chinangwa chake.

Loweruka amayi a m'mudzi, Nyamhone ali pomwepo, anatsogola m'mamawa, Ada Longwe nawonso anawatengera pa kabaza. Ine ndinavala kabudula woyera, malaya oyera, tayi, masokosi ofika m'maondo, pamwamba pake jekete, zipi mpaka pakhosi. Potsegula chikwama ndinamvako kena kake pang'ono, kakutali, ndiye ndinatenga perefyumu amene ndinabwera naye ku Joni nkupopera mbali zonse mpaka kutsokomola. Mwezi unali wa Okutobala, inu mukudziwa mmene kumawotchera kunyanja kuno nthawi imeneyo, ngakhale abuluzi amayenda chonyang'ama. Koma nditatulukira pabwalo lathu, Jolamu anati, "Eee, Kaputeni, koma ndiye mwaphatu!" Ndinawaona akudzikonza matayi, akuwongola misana, wina mpaka kupukuta nsapato ndi kuseri kwa sokosi. Kwa nthawi yoyamba anyamata aja anaoneka onyadira boma lawo, ndipo ine mumtima ndinathokoza batala.

Tinaguba mumsewu waukulu kulowera ku Bandawe, ng'oma zikugunda, malipenga akulira, ine patsogolo chifuwa chili nganganga. Galu woyamba anatipeza tisanapite patali. Anali galu waulemu, ankangoyenda pambali panga akundiyang'ana m'maso. Posakhalitsa anabwera mnzake, kenako wina wothyoka mwendo amene anachita khama zedi kuti asatsale, moti pofika pa mphambano ya ku Makuzi ndinali ndi mzere wanga wachiwiri. Ndinkawathamangitsa ndi ndodo, akabwerera pang'ono nkubweranso. Amayi a m'mbali mwa msewu ankati tikamadutsa nkutseka kukamwa ndi mphuno ndi zitenje, ine nkumati ndi manyazi achikazi, aona ofesala. Thukuta linali likuyenda kumsana mpaka m'masokosi, koma ndani anaonapo ofesala akumasula zipi pa perete?

Tinafika anthu atadzaza bwalo, ena m'mitengo, kutsogolo kuli tebulo la alendo olemekezeka, abusa ali pomwepo, King'i wa eni mudzi ali pomwepo, Ada Longwe awakhazika pampando wa ndalema pambali pake. Mwambo wake ndi woti alendo musanavine, Dokotala wa eni bwalo akuyendereni. Amaona zikhadabo, mano, kolala, kuseri kwa makutu, ndipo akakupeza ndi litsiro amakutulutsa mumzere pamaso pa anthu onse, mudzi wako nkuupekera nyimbo. Dokotala wawo anali bambo wamtali, wosaseka, wovala gawuni yoyera, m'manja muli mpango woyera ndi wezulo. Anandipatsa sawatcha, anayang'ana jekete mwaulemu waukulu, nkundipempha kuti ndiyende naye poyendera anyamata anga.

Titaima pa mnyamata woyamba, Dokotala anakweza mphuno.

"Kaputeni, pali wina wabwera ndi kamba wa nsomba m'thumba."

Ndinapsa mtima. Chilimwe chonse ndikuwaphunzitsa ukhondo, lero andichititse manyazi? Ndinalamula kuti aliyense atulutse matumba kunja. Munalibe kanthu. Tinapita pa wachiwiri, fungo lilipo. Pa wachitatu, lilipo. Paliponse pamene ine ndi Dokotala tinkaima, fungo linkakhala litafika kale, ndipo Dokotala anayamba kuoneka wodabwa, poti sanaonepo boma lonunkha mofanana chonchi kuyambira woyamba mpaka womaliza. Titafika pa Jolamu ine ndinaphulika. "Jolamu! Ndinakuuza kuti usapite kunyanja dzulo! Ndinakuuza kuti usambe ndi sopo, osati kungodziviika ngati chinangwa!" Mnyamata wa anthu analumbira kuti wasamba kawiri, anakweza mikono kuti timununkhize, ine nkumuuza kuti tikakambirana kumudzi. Dokotala, posowa wolakwa, anatilola kuti tilowe m'bwalo. Za kununkhiza Kaputeni sanaziganize, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa perefyumu uja anali akumenyabe nkhondo yake yomaliza.

Ndipo tinavina, abale. Izi ndinene, poti nkhani ya manyazi isameze zabwino. Malipenga si gule wothamanga, ndi gule wodzimva, umakweza phazi pang'onopang'ono ngati nthaka ndi ya bambo ako, kutembenuka onse pamodzi, mipango m'mwamba, ndipo anyamata anga ankachita zimenezo mosaphonya. Ndinaba diso kuyang'ana Ada Longwe, ndinaona akugwedeza mutu motsatira ng'oma, milomo ikuimba nawo.

Koma dzuwa linafika paliwombo, ndipo chikopa chinayamba kubweza zimene chinamwa. Mafuta anatsika m'mikono mpaka m'zikhato, ena anayamba kudontha kuchokera m'munsi mwa jekete kugwera pa kabudula woyera, mizere yachikasu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tsono pali pena pamene Kaputeni amazunguza ndodo m'mwamba kuti mzere utembenuke. Ndinazunguza mwamphamvu monga mwa masiku onse, ndodo inangoti pulumu m'manja, ulendo wa m'mlengalenga, kukagwera pa tebulo la alendo nkugubuduza kapu ya thobwa ya abusa. Mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinaima njo, nkupereka sawatcha ku tebuloko ngati ndi mmene timachitira kwathu. Ena anaomba m'manja mokayika. Abusa anangoyang'ana thobwa lawo likuyenderera pa nsalu.

Ndikanathera pomwepo bwenzi ndikuti Mulungu anandikomera mtima. Koma kunamveka mfuu ya amayi kumbali ya kunyanja: "Nkhungu! Nkhungu!" Kwa inu osadziwa, nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, mphepo nkutikankhira kumtunda, ndipo kwathu kuno ndi ndiwo. Amayi amanyowetsa malichero nkumawazunguza m'mwamba kuti tizilomboto timatirire, kenako amaumba zibumba nkuphika. Chimtambo chinalowa m'bwalo, kunada, anthu akuphimba ana kumaso, amayi athamangira malichero. Kwa anyamata anga sizinali kanthu, nkhungu zikatera pa malaya ouma umangokupiza ndi mpango zapita. Koma ine ndinali lichero lonyowetsa kale, loyenda lokha pakati pa bwalo.

Ndinatsinzina nkupitiriza kuguba, poti ng'oma inali isanaleke. Ndinkamva jekete likulemera, kumaso kumene ndinadzipukuta ndi dzanja lamafuta kukuyabwa, m'makutu muli phokoso, kenako ndinamva chinthu chikundipala kumsana. Nditacheuka ndinapeza mayi wina wachikulire akundikokolola ndi mkombero wa lichero, akuitana anzake kuti, "Bwerani kuno, apa ndiye zaunjikana!" Ndinamukalipira kuti mayi, ndili pa ntchito, iye osamva, akungotsatira sitepe yanga kumbuyo, ndikakweza phazi nayenso akweza lichero.

Mtambo uja unadutsa. Aliyense anali woyera monga anabwerera, kupatula ine. Kuyambira kolala mpaka m'chiuno ndinali nditamera ubweya wakuda, wonyerezeka, kwina ukugwedezekabe, nsidze zalemera, ndevu zimene ndinameta m'mawa zabwerera. Mwana wina mumtengo anafuula kuti Kaputeni wasanduka nyani, ndipo bwalo lonse linagumuka ndi phwete. Agalu anga aja, amene anali akudikira mwaulemu kunja, anaona kuti mwambo watha, analowa. Dokotala anabwera pang'onopang'ono, anapukuta phewa langa ndi mpango wake woyera, anaununkhiza, anatseka maso kanthawi, nkuliza wezulo.

"Ada Kaputeni, pepani. Lamulo silisankha nyota. Tulukani mumzere."

Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a Jolamu, otsika koma omveka bwino: "Ndiye za sopo zija, Kaputeni, tikakambirana kumudzi?" Ndisanayankhe, kuchokera pakati pa amayi kunamveka mawu amene ndimawadziwa ngakhale ndili m'tulo: "Botolo langa! Mayo ine, botolo langa lonse!" Amati tsoka silinunkha, koma langa tsiku limenelo linamveka mpaka ku Limphasa.

Ndinafuna kuvula jekete kuti mwina ndipulumutse kena kake, zipi osatheka, nkhungu zadzaza m'mano mwake, zala zikuterera. Anandiperekeza pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, ndinakhala pamuzu, agalu andizungulira, wothyoka mwendo uja akundinyambita chigongono. Kuchokera pamenepo ndinaona zonse. Ng'oma inali italeka. Anyamata anga anaweramitsa mitu, wina anapana lipenga lake kukhwapa, wina anayamba kumasula tayi, a kumapeto kwa mzere anali atayamba kale kusuntha cham'mbali kuti alowe m'chigulu. Apo ndiye kuseka kwa anthu kunasiya kundipweteka, chinandipweteka ndi china. Mkulu uja anandipempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wake, anandipatsa chuma cha bambo ake, ine nkupha boma lake pamaso pake chifukwa chofuna kuwala. Ndinalira, abale, sindibisa, misozi inatsegula tinjira tiwiri pakati pa nkhungu.

Kenako ndinaona mpando wa ndalema ukugwedezeka. Ada Longwe anagwira phewa la King'i mnzawo, anadzikoka, anaima. Anthu anafuna kuwagwira, iwo anakana ndi dzanja. Anayenda kulowa m'bwalo ndi miyendo yotupa ija, atavala masilipasi poti nsapato sizilowa, malaya wamba a ku tchalitchi, mpaka anafika pamalo pamene ndinaima ine. Anayang'ana anyamata mmodzimmodzi, nkukweza ndodo yawo yoyendera.

Jolamu anamenya ng'oma kamodzi. Mkulu uja anakweza phazi, pang'ono chabe, mwina chala chimodzi kuchoka pansi, koma mmene analikwezera, mutu uli m'mwamba, phewa likutsatira, ine ndinazindikira kuti chilimwe chonse ndinkaphunzitsa anyamata kuguba, kuvina kunali uku. Jolamu anatsitsa liwiro kuti ng'oma iziyendera miyendo ya mkuluyo. Wa tayi uja anamanganso tayi. Amene analowa m'chigulu anabwerera chothamanga, malipenga analira, ndipo mzere wonse unayenda pambuyo pa nkhalamba ya masilipasi mwachifatse ndi modzimva moti amayi anataya malichero nkuyamba nthungululu. King'i wa eni mudzi anaimirira nkupereka sawatcha, Dokotala naye, abusa omwe anaiwala za thobwa. Ine pansi pa mango ndinkafuula malamulo amene palibe ankawamva, agalu nkumandiyankha.

Gule atatha, Nyamhone anabwera ndi sopo, anapaka pa zipi, anakoka mwankhanza mpaka ndinatuluka, malaya oyera aja ali achikasu ngati ndawaviika mu supu. Amayi anakokolola nkhungu zotsala pa jekete, ena akukanganirana poti izi zinali zothira kale mafuta. Ndinalinyamula ndi manja awiri kupita kumene Ada Longwe anakhala akupuma, anyamata awazungulira, wina akuwakupiza ndi mpango. Ndinagwada chapatali.

"Ada, ndakulakwirani."

"Sunthira uko, mphepo ikuchokera kumbali yakoyo," anatero. Ndinasuntha chogwada. "Ndinakuuza kuti ulipukute ndi chiyani?"

"Kansalu kouma, Ada."

"Nanga iwe?"

"Batala, Ada."

Anandiyang'ana, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba mpaka kutsokomola, anyamata nawonso anagwa pansi, ndipo ine ndinangogwada pomwepo kudikira kuti amalize. Atapukuta maso anati, "Ine ndimati miyendo iyi inatha. Ukanapanda kununkha iwe, ndikanafera pampando uja osadziwa kuti idakalimo nyimbo imodzi."

Jolamu anafunsa kuti, "Ada, tikumananso liti pabwalo? Eni mudziwa akuti mwezi wa mawa abwera kwathu." Anafunsa yekha, osakakamizidwa, ndipo anzake anayamba kukangana za amene akonze ng'oma yachiwiri. Wina anafunsa ngati pafunika kusankha Kaputeni wina.

"Kaputeni ndi yemweyu," anatero Ada Longwe. "Munthu woguba maso ali otseka, mayi akumupala kumsana, osaphonya phazi, mumupeza kuti wina?" Kenako anayang'ana jekete limene ndinali nditawatambasulira. Sanaligwire. "Ili ndinkati adzandiike nalo m'manda. Koma ndikapita nalo chonchi, bambo anga akandibweza pachipata. Tenga, mwana wangu, ndi lako."

Ndiye ndi mmene ndinapezera jekete la ofesala wa nkhondo, abale anga, chinthu chimene anthu ena amachipeza ndi nyota, ine ndinachipeza ndi nsomba. Nyamhone analamula kuti m'nyumba mwake silidzalowa iye ali moyo, moti limakhala m'kachisakasa kuseri, ndipo amphaka a m'mudzi wonse amalilondera mosinthana. Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga ndi pamaso pa boma lonse kuti mafuta a m'khitchini sindidzawagwiranso, ndipo chinthu cha mwini akati kansalu kouma, chidzakhala kansalu kouma. Boma lathu likuvinabe, anyamata achuluka mpaka malipenga akuperewera, Ada Longwe amakhala kutsogolo ndi ndodo yawo kukonza mapazi a atsopano. Ine ndimatsogolera mzere ndi malaya oyera okha, nditasamba kawiri, wopanda ndi perefyumu yemwe. Koma bwalo lililonse limene tapita, kuyambira Chintheche mpaka Nkhata Bay, Dokotala asanaone chikhadabo cha munthu aliyense amayamba wabwera kwa ine, kundipatsa sawatcha mwaulemu, nkundinunkhiza.